Mkanda Umene Dzuwa Linaveka Amayi Anu

Tsiku limene ndinafika kwa Kalembo kudzatenga amayi anu kunalibe ndi kamtambo komwe. Unali mwezi wa Novembala, chaka cha njala chija. Dzuwa linayamba kuluma likadali mmawa, ndipo nyenje zinkalira m'mitengo ya tsanya mpaka m'makutu kuwawa. Komabe chimene ndimakumbukira kwambiri ndi zimene sizinkamveka. Ndinadutsa midzi yambiri pa njinga osamva mtondo ngakhale umodzi, osamva tambala, osamva galu. Mutu uno ndalembera nonsenu, ana anga, koma makamaka iwe Esita, amene unandifunsa pa maliro a amayi ako chifukwa chimene tinakusiyira kwa amalume ako uli ndi zaka zisanu. Tsiku lija sindinakuyankhe. Kuti yankho limveke ndiyenera kuyambira kutali, pa liwu limodzi limene ndinaphunzira ndikungoyamba ntchito.

Balaka, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe

Ntchito yanga yoyamba inali ya udresala pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi Balaka. Dresala ndiye womanga zilonda. Ndinkatsuka, kupaka, kumanga, kuwiritsa mabandeji akale kuti agwirenso ntchito, ndi kumwetsa anthu kwinini atatsina mphuno. Dokotala wachizungu ankabwera kamodzi pa mwezi. Anthu anamupatsa dzina loti a Chisoti, chifukwa chipewa chake chachikulu sichinkachoka kumutu, ngakhale kuti khosi lake linkafiirabe ngati la nkhukundembo.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina amene abale ake anangomusiya pansi pa mtengo iwo n'kukaima patali. Manja ake anali akuda bii, ong'aluka ngati khungwa la mtengo, ndipo m'khosi munali chimodzimodzi. Abalewo anati ndi khate, ine n'kulemba m'buku kuti khate. A Chisoti atawerenga anandikodola. Chinyanja chawo chinali chopunduka, koma tinkamvana.

"Muvule malaya munthuyu," anatero.

Nditamuvula ndinadabwa. Paliponse pamene malaya ankabisa, khungu linali losalala ngati langa. Kuda kuja kunkalekezera ndendende pamene mkono wa malaya unkayambira, ndipo manja onse awiri anali ofanana, ngati wawaviika mu mphika umodzi.

"Tandiuza," anatero a Chisoti, "khate limadziwa pamene telala analekezera kusoka?"

Kenako anatsomphola kathonje kakang'ono, anauza mkuluyo kuti atseke maso, n'kuyamba kumukhudza nako pamalo odawo. Mkuluyo ankaloza paliponse pamene thonje lakhudza, mwinanso kudzidzimuka, akuti pakuwotcha. A Chisoti anandifotokozera kuti khate limapha khungu, mwakuti munthu sangamve thonje pa banga lake. Nthenda iyi inali ina, ndipo dzina lake anati ndi pelagra. Liwulo, anatero, ndi la ku Italiya, ndipo ndi mawu awiri olumikizana: khungu, ndi lokhakhala. Kumeneko alimi osauka amene ankadya chimanga chokhachokha ankadwala chonchi dzuwa likayamba kukula mphamvu, ndipo ena ankangoitchula kuti nthenda ya dzuwa.

"Koma dzuwa silipalamula," anatero. "Limangolemba pakhungu zimene zikusowa m'mimba. Mupatse mtedza, nyemba, nsomba, mkaka, chiwindi, ndipo akhale pamthunzi. Akachedwa amatsegula m'mimba, mutu umasokonezeka, kenako amafa."

Mkulu uja anachira ndikuona. Ndinkangoganiza kuti kutsidya kwa nyanja zambiri kunali anthu olima chimanga ngati ife, amene anayang'ana manja a abale awo n'kupeza dzina, ndipo dzinalo layenda mtunda wonsewo kudzapulumutsa munthu wa ku Balaka. Ndinkaganizanso za Mlengi, amene anapanga khungu kuti lizinena poyera zimene m'mimba mukubisa. Liwulo ndinalilemba kuchikuto kwa buku langa la mapemphero, ndipo likadalipo.

Ngokwe, nkhondo itatha

Ndinakwatira amayi anu, Agnesi, nkhondo ili mkati, n'kumanga nyumba kwawo kwa Kalembo monga mkamwini aliyense. Mwini mbumba anali mchimwene wawo, a Matiyasi, munthu wolimbika pa khasu ndiponso mkulu wa mpingo. Nkhondo itatha ndinalowa ntchito ya boma, ndipo ananditumiza ku disipensale yaing'ono cha ku Ngokwe, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Nyumba ya dresala inali ya chipinda chimodzi, munda kunalibe, choncho amayi anu anatsala kwawo. Ndinkapitako miyezi iwiri ikatha.

Bwana wanga anali Che Jafali, Msilamu amene anagwirako ntchito ya chipatala ndi asilikali. Anali wanthabwala koma wosafuna zaulesi. Masana ankayala kamkeka kuseri kwa disipensale kuti aswali, ndipo pobwera ankandiseka.

"A Dresala, Mulungu wanu mumangomuyendera Lamlungu lokha? Ine wanga ndimamuvutitsa kasanu pa tsiku."

"Wanga amamva msanga, Che Jafali."

"Ndiye mumuuze za mabandeji."

Mabandeji tinkang'amba pa nsalu zakale za pabedi. Ayodini akatha tinkatsuka zilonda ndi madzi a mchere. Mu kabati munali kabotolo kamodzi ka mapiritsi a pelagra, amene anali atayamba kubwera zaka zimenezo, ndipo kiyi wa kabatiyo Che Jafali ankamuvala m'khosi pa chingwe.

Chaka cha njala, 1949

Mvula inayamba bwino kenako inadukiza, chimanga n'kuumira m'munda chisanabereke. Za njalayo ena anena zambiri. Ine ndinena zanga zokha, ndipo ndiyambe ndi kulakwa kwanga. Monga wantchito wa boma ndinkalandira chimanga, ndipo theka ndinkatumiza kwa Kalembo kudzera mwa a Saidi, amene ankayenda ndi matemba a ku Chiuta. Ndinkanyadira kuti mkazi wanga akudya ufa woyera pamene ena akukumba mizu. Sindinafunse za ndiwo. Amayi anu anali akuyamwitsa mlongo wako Petulo, Esita, ndipo kanyemba kalikonse kamene kapezeka ankakupatsa iwe, iwo n'kudya chimanga chokha, kenako n'kukhala tsiku lonse padzuwa kufunafuna masamba. Ine amene ndinali ndi liwu lija m'buku la mapemphero sindinaganizeko.

Tsiku lina a Saidi anaima pakhomo pa disipensale akuyang'ana pansi.

"A Dresala, akazi anu sali m'nyumba mwanu. Awamangira chisakasa kuseri kwa munda. Akuti khate."

"Nanga mwana wamng'ono?"

"Anamuchotsa kubere kuti angatengere. Phala linamukana. Anamuika sabata yatha."

Ndinakhala pansi pakhonde. Anthu pamzere anali ambiri, ndipo lamulo silinkalola kuti dresala achoke nthawi yotere. Che Jafali anamva zonse. Anavula chingwe chija m'khosi, anatsegula kabati, n'kundikulungira mapiritsi angapo m'pepala pamodzi ndi kathonje.

"Ndilemba kuti mwapita kukayendera midzi," anatero. "Si bodza, kwa Kalembo ndi mudzi. Ngati ndi khate, mapiritsiwa mubweze. Ngati si khate, mukudziwa chochita."

Ndinapalasa masiku awiri, ndipo lachiwirilo ndi lija la nyenje. Chisakasa anachimanga pamtetete, popanda mtengo, chifukwa abale anagwirizana kuti dzuwa ndilo limaumitsa zilonda. Ankauza amayi anu kuti azikhala panja tsiku lonse, ndipo iwo ankamvera. Chakudya ankachiika pa phale n'kuchikankha ndi ndodo. Ndinawapeza atakhala padothi, atatambasula manja kuti dzuwa liwawombe bwino. Atandiona anandifunsa mwaulemu ngati ndabwera za msonkho.

Ndinagwada patsogolo pawo. M'khosi munali chinthu chakuda, chokhakhala, chozungulira ngati mkanda waukulu, ndipo chinalekezera pamene nsalu yawo inkayambira. Manja onse awiri anali ofanana mpaka m'zigongono, mapazinso chimodzimodzi. Lilime linali lofiira ngati nyama yaiwisi. Pa dzanja lamanzere anali ndi chibangili chamkuwa chimene ndinawapatsa tikukwatirana. Ndinachikankhira m'mwamba pang'ono, ndipo pansi pake panali mzere wa khungu losalala, lofewa, khungu lenileni la Agnesi, lozungulira dzanja lonse. Sindidziwa mmene ndingakufotokozereni. Mwana wanga anali m'manda, mkazi wanga sankandidziwa, koma poona kamzere kameneko ndinachita mantha a mtundu umene munthu amachita m'nyumba ya Mulungu. Zonse zinali zitalembedwa poyera, n'dzanja losalakwitsa, kungoti panalibe wowerenga. Ndinawalowetsa pamthunzi n'kuwamwetsa piritsi loyamba.

A Matiyasi anafika ndi abale ena, n'kuima patali ngati mmene anaimira anthu aja ku Balaka. Iwe unali kumbuyo kwa akazi awo, ukutafuna nsonga ya nsalu.

"Alamu, mwamugwira?" anafunsa. "Ndiye inunso musalowe m'mudzi."

"Si khate ili, alamu. Taimani muone."

Ndinaphimba maso a amayi anu ndi dzanja langa n'kuwakhudza ndi thonje m'khosi. Anadzidzimuka. Ndinawakhudza padzanja, iwo n'kunena kuti, "Chikuwotcha." Ndinafotokoza zonse monga anandifotokozera a Chisoti, za malaya, za chibangili, za dzuwa ndi ndiwo. Ndinatchulanso dzina lija ndi tanthauzo lake.

"Khungu lokhakhala tikuliona tonse, silifuna Chizungu," anatero a Matiyasi. "Thonje timalima ndife, alamu, siliweruza milandu. Ine ndinaona agogo athu zala zikutha. Sindingalole kuti mbumba yonse ithe chifukwa chomvera chisoni mmodzi. Mawa tikumuperekeza kumsasa wa akhate. Tagwirizana kale."

"Sangafikeko wamoyo. Ndimutenga lero."

"Inu ndinu mkamwini."

"Iyayi, sindikukana. Koma ndimutenga."

A Matiyasi anandiyang'ana. Milomo yawo inali yong'aluka ndi njala ngati ya wina aliyense.

"Mutengeni," anatero. "Koma Esita ndi wa mbumba ino, sapita ndi wakhate. Nyumba yanu ija tiitentha. Mukachoka, mwachoka."

Apa ndi pamene pali yankho lako, mwana wanga. Ndikanatha kuitanitsa akuluakulu kuti tikambirane, koma nkhani zotere zimatenga masiku, ndipo amayi ako anali atayamba kale kutsegula m'mimba. Ndikanatha kukulanda mwamphamvu, koma ndinali ndekha, njinga inali imodzi, ndipo mtunda unali wa masiku. Ndinadziwanso kuti amalume ako, ngakhale anachita zimene anachita, sakanadya iwe usanadye. Ndinakusiya ndikudziwa chimene ndikuchita. Sunalire. Unangoleka kutafuna nsalu ija n'kumayang'ana njinga.

Ndinamangirira amayi anu pa kaliyala ndi nsalu, ndinawaphimba m'khosi ndi m'manja ndi malaya anga onyowetsa, n'kuyamba kukankha. Tinkayenda mmawa ndi madzulo, masana n'kubisala pamthunzi. Tinaoloka Shire pa Liwonde, ndipo kutsidya dalaivala wa lole ya chimanga anatinyamula mpaka pa Ntaja atandimva ndikulumbira kuti si khate. Kotsalako ndinakankhanso.

Mmawa wotsatira titafika ku Ngokwe, ndikusesa pakhomo, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Bambo a Esita, malaya amenewo mwachapa nokha? Akuoneka."

Tsache linagwa. Amayi anu anali atakhala pamphasa, maso awo akundiyang'ana ine ndithu, ngati munthu amene wabwera kuchokera ku ulendo. Masiku ochepa m'mbuyomo sankadziwa dzina langa. Ndinaitana Che Jafali, amene anawayang'ana lilime, n'kupeza kufiira kuja kukuzilala. Anangoti chapansipansi, "Allahu akbar," ine n'kuti, "Amen," ndipo palibe anaseka mnzake. Ndinamanga zilonda zaka zambiri ndipo ndinaona anthu akuchira, koma sindinazolowere kuti nzeru za munthu, kukumbukira kwake, nthabwala zake, zonsezo zingabwerere chifukwa cha kanthu kochepa kamene Mulungu anabisa mu mtedza ndi mu matemba.

Kenako amayi anu anafunsa kuti, "Petulo ali kuti?" Za tsiku limenelo sindilemba.

Akazi a Che Jafali ankabweretsa mkaka wa mbuzi, asodzi a ku Chiuta ankatisiyira matemba, ndipo a Saidi anapeza mtedza sindikudziwa kuti. Patapita masabata khungu lakuda lija linayamba kusendeka ngati la njoka, ndipo pansi pake panatuluka latsopano, lofewa ngati la khanda. Mkanda uja unazimirira pang'onopang'ono. Koma ine mumtima munali mwala. Ndinkapemphera ndithu, koma pa Pemphero la Ambuye ndikafika pa mawu a kukhululukira ena ndinkangotseka pakamwa, anzanga akadutsa n'kupitiriza nawo. Amayi anu anazindikira.

Mvula itabwerera, 1950

Unali mwezi wa Febuluwale, chimanga chili m'munda koma chisanache, njala itafika poipitsitsa. Ndikugawa mankhwala ndinaona munthu ataima kutali ndi mzere, kumene ankaima akhate. Anali atakulunga nsalu m'khosi, manja atawabisa m'khwapa. Pambali pake, motalikirako pang'ono, panali kamtsikana. Unali iwe. Unali wowonda, koma khungu lako linali losalala ndipo maso anali owala.

Amayi ako anakuona ine ndisananene kanthu, anathamanga n'kukunyamula. Ine ndinapita kwa munthu uja. Anali a Matiyasi.

"Alamu, musayandikire," anatero. "Ndabweretsa mwana ndisanamupatsire. Njira yonse sindinamugwire. Mundilembere kalata ya kumsasa wa akhate, ndipite ndekha."

Anatulutsa manja. Anali akuda, ong'aluka, ofanana onse awiri. Ndinamva pambuyo pake kuti miyezi yonse itatu ndiwo zawo ankakupatsa iwe, iwo n'kumapalira padzuwa ndi phala lokha m'mimba.

Ndisakunamizeni, ana anga. Pepala linalipo, cholembera chinalipo, ndipo munthuyo anapempha yekha. Maganizo amenewo anandifikira, ndipo sanachoke msanga. Ndinalowa mkati, ndinaima pa tebulo, kenako ndinatsomphola thonje n'kubwerera kwa iwo.

"Tsekani maso, alamu. Mukamva kanthu, lozani."

Ndinawakhudza kuseri kwa dzanja.

"Apa," anatero.

Ndinawakhudza m'khosi.

"Apa. Pakuwotcha."

Ndinawakhudzanso kwina, ndi kwina, iwo akuloza osaphonya. Kenako analeka kuloza. Maso anali chitsekere, koma misozi inayamba kudutsa.

"Ndiye kuti Agnesi," anatero, osamaliza. "Ndiye kuti mwana uja."

"Si khate, alamu. Ndi pelagra. Imachira."

Anakhala pansi pomwepo, padothi, dzuwa likuwawomba pamutu. Ine ndinangoima ndi thonje m'manja. Amayi anu anabwera, iwe uli kumsana ngakhale unali wamkulu kale. Anayang'ana mchimwene wawo, anawerama, n'kuwagwira dzanja long'alukalo ndi manja awo awiri.

"Achimwene," anatero, "chokani padzuwa."

Mapiritsi anali atatha kalekale, ndipo ena sanabwere mpaka kukolola. Amalume anu anachira ndi chakudya chokha, pang'onopang'ono, pakhonde pathu. Amayi anu ndiwo ankawasinjira mtedza n'kuwaphikira matemba. Che Jafali ankadutsa mmawa uliwonse n'kuwafunsa kuti, "Wakhate wathu wagona bwanji?" mpaka tsiku lina a Matiyasi anaseka. Pobwerera kwa Kalembo anatenga thonje m'thumba, ndipo ndinamva kuti anatulutsa anthu ena awiri m'zisakasa.

Za Petulo sitinakambiranepo ndi a Matiyasi mpaka imfa yawo. Anangonditengera kumanda tsiku lina, nyumba yathu ataimanganso ndi manja awo, n'kundilozera pamene anamuika. Panali posesa bwino. Tinaima pamenepo awiri, ndipo ndinaganiza za abale onse amene anaima patali tsiku lija. Anali ndi njala, anali ndi mantha, ndipo palibe anawaonetsapo zimene ine ndinaonetsedwa ku Balaka. Ine amene ndinaonetsedwa ndi amene ndinkatumiza chimanga chopanda ndiwo.

Chibangili chija chili m'bokosi langa la malata, Esita, ndipo ndi chako. Lamlungu lotsatira titachoka kumanda kuja ndinanena pemphero lonse osadumpha mawu. Amalume ako, akazi awo, ndi onse amene anamanga chisakasa chija, ndinawakhululukira.